Mmene Gologolo Adaphunzirira Kugonja

Padangokhala, kalekale nyama zisanayambe kudyana, pamene mikangano inkathera pa thabwa osati pa mano.

Nyama zidali ndi masewera amene zinkawakonda kuposa mowa, dzina lake nkhondo ya pathabwa. Thabwa lake lidali lalitali ngati chitseko. Osewera awiri ankakhala wina uku wina uko, aliyense ndi gulu lake la zidole khumi ndi ziwiri, ndipo ankasinthana kukankha chidole chimodzi kuti chikagunde cha mnzake. Chidole chikagwa, chafa. Pa gulu lililonse pankakhala chidole chimodzi chonyamula kang'oma, ndipo amene wang'oma wake wagwa ndiye wagonja, ngakhale zina zonse zikhale chiimire.

Magulu adalipo awiri. La dothi lidali la zidole zoumba ndi kuotcha, zolemera, zoyenda pang'onopang'ono, koma zikagunda zagunda. La mapesi lidali la zidole zosema ku mapesi a chimanga, zopepuka, zotha kudutsa thabwa lonse ndi kukankha kumodzi, koma zosachedwa kugwa. Aliyense ankasankha gulu limene wafuna, ndipo ankaliulula povundukula dengu lake tsiku la masewera.

Mkulu woyeza adali Nanzikambe, chifukwa diso lake lina limayang'ana uku pamene lina likuyang'ana uko. Ntchito yake idali yoonetsetsa kuti gulu lina lisapose linzake. Mpikisano waukulu wa pokolola usanafike pankakhala masewera oyesera atatu, kamodzi pamwezi. Akatha, Nanzikambe ankawerenga timiyala take tosonyeza kupambana ndi kugonja kwa gulu lililonse. Gulu limene lapambana kwambiri ankalichotsera zidole ziwiri, limene lagonja kwambiri nkuliwonjezera ziwiri. Mwambowu unkatchedwa kuzula dzino. Zaka zambiri dzino linkazulidwa uku mwezi uno, uko mwezi wamawa, ndipo pofika pokolola magulu ankakhala pafupifupi ofanana.

Katswiri wa zaka zinayi zotsatizana adali Nguluwe, nduna yoyang'anira minda, wosewera dothi. Wina akati dothi ndilo limamupambanitsa, iye ankatukula mwendo wakutsogolo nkuti, "Si dothi ayi. Ndi chiboda ichi."

Chaka chimenecho thabwa lakale lidachita mng'alu pakati. Mwambo unkati thabwa likang'aluka, wopambana pokolola ndiye asankhe mtengo wosemera lina. Nguluwe sadadikire zopambana. Mmawa wina adanyamula nkhwangwa, nakatema chizindikiro pa mlombwa umene udali ndi mphako ya Gologolo.

Gologolo adali mayi wamasiye wa ana atatu. Sankalankhulalankhula, ndipo pa bwalo ankakonda kukhala panthambi pamwamba pa thabwa, timanja tili pakamwa, akungoyang'ana. Adasuzumira pansi.

"Mwadzuka bwanji, a nduna? Mukulemba chiyani pakhomo panga?"

"Thabwa, mayi. Mtengo uwu ndi thabwa labwino, kungoti sukudziwa."

"Muno muli ana atatu. Pokolola ndi nthawi yachisanu."

"Mitengo ndi yambiri."

"Ya mphako ili ndi eni ake."

"Ndiye pambanani, mudzasankhe wina," adatero Nguluwe, nachoka akuseka, nkhwangwa ili paphewa.

M'mphako ya m'munsi munkakhala Changa, mlamu wake wa Gologolo, amene adamva zonse.

"Mlamu, mwangomusiya apite? Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Mukadamulavulira pamutu."

"Malovu sabweza nkhwangwa."

"Nanga tsopano?"

"Ndikusewera."

Changa adamuyang'ana mwachisoni. Gologolo adalidi wodziwa mapesi kuposa onse, koma osewera mapesi adali ochepa, iye ndi mbewa ziwiri basi. Ndipo iye mwini ankadziwa chinthu chimene odana ndi Nguluwe sankafuna kuvomera: ndunayo idali ndi luso lenileni. Khumi ndi ziwiri kwa khumi ndi ziwiri, Nguluwe adamugonjetsa kanayi, ndipo akadamugonjetsanso kachisanu.

Mwezi woyamba udakwana. Gologolo adakumana ndi Nungu, kapitawo wa asilikali, wosewera dothi. Atangoyamba, Gologolo adakankha chidole chake molunjika kudutsa pa mng'alu. Phazi la chidolecho lidakodwa, chidagwa chokha. Adakankha china cha pambali pang'ono, chidadutsa. Adakankha chachitatu pafupi ndi choyamba chija, chidagwa.

"Mayi, mukundithandiza ntchito," adatero Nungu. "Ndipume kaye?"

Gologolo adapitiriza kutumiza zidole zake pa mng'alupo chimodzichimodzi, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, mpaka wang'oma wake adatsala yekha ndipo Nungu adamugwetsa mosavutikira. Bwalo lidaseka. Palibe amene adaona kuti maso a Gologolo sadali pa zidole koma pa mng'alu, ndi kuti tsopano ankadziwa malo atatu pamene mlomo wa mng'aluwo udatukuka.

Kenako adatolera zidole zake m'dengu nayamba kuyimba. Idali nyimbo yamaliro, ya mawu aang'ono onjenjemera, yodandaulira ana a mapesi amene adabadwa opanda fupa ndi opanda magazi, amene mphepo ikangotsokomola amagona pansi. Pothera pake inkapempha woyeza kuti ayang'ane ndi maso ake onse awiri. Mayimbidwe ake adali osavuta kugwira, moti pofika kachiwiri bwalo lonse linkavomera, ena akuseka, ena atagwira tsaya.

Mbewa ziwiri zija zidagonja monga mwa masiku onse. Nanzikambe adawerenga timiyala.

"Ngati Gologolo, mwini wake wa mapesi, wagonja chonchi, ndiye kuti gululi ndi lofooka," adatero. "Dothi litsike pa khumi. Mapesi akwere pa khumi ndi zinayi."

"Zulani mano onse," adatero Nguluwe, "chiboda simuzula."

Pobwerera kumtengo Changa adayenda kumbuyo kwa mlamu wake, ndipo pafupi ndi kwawo adalephera kupirira.

"Mlamu, mwana wa dzulo akadaona mng'alu uja."

"Ndinauona."

"Ndiye munkatumiziranji zidole pomwepo?"

"Ndimafuna ndiuonetsetse."

Mwezi wachiwiri udakwana. Gologolo adakumana ndi Nyani, mkulu wa ogulitsa fodya, nayenso wa dothi. Ulendo uno adandandalika zidole zake khumi ndi zinayi pa mzere umodzi, phewa ndi phewa, ngati akwatibwi pa chinkhoswe.

"Zaoneka bwino," adatero Nyani. "Zikupita kuukwati?"

Adayendetsa chidole chake chimodzi mpaka chidafika, nagunda pakati pa mzerewo. Zidagwa zitatu. Gologolo adasendeza zotsalazo nkutsekanso mpata. Nyani adagundanso pakati, zidagwa ziwiri, ndipo Gologolo adatsekanso. Kachitatu chidole cha Nyani chidaterereka nkukagunda kunsonga kwa mzere. Chakunsongacho chidagwera chinzake, chinzakecho chidagwera chinzake, mzere wonse udagona ngati mpanda wodyeka ndi chiswe, wang'oma ali momwemo.

Nyani adadabwa yekha, koma sadachedwe kudziguguda pachifuwa. Gologolo adayang'anitsitsa pamene chidolecho chidagunda, kenako adatolera zake nayimba nyimbo ija ya ana opanda fupa. Tsopano bwalo linkaidziwa, ndipo lidavomera asanafike nkomwe pothera.

Nanzikambe adawerenga timiyala kawiri. Diso lake lina lidali pa timiyalato, lina lidakhala nthawi yaitali pa Gologolo. Gologolo adayang'ana pansi.

"Dothi litsike pa zisanu ndi zitatu," adatero potsiriza. "Mapesi akwere pa khumi ndi zisanu ndi chimodzi."

Nguluwe adaguguza m'mphuno. "A woyeza, mukulanga odziwa chifukwa cha osadziwa."

"Ine ndimawerenga miyala, a nduna. Mwala sunena za chiboda."

Masiku amenewo adali olemera kwa Gologolo. Kuchitsime akazi anzake ankayamba nyimbo ija akangomuona. Ana ake adabwera tsiku lina akulira chifukwa anzawo ankawatcha ana a mapesi. Nguluwe naye ankadutsa pa mlombwapo nthawi ndi nthawi, nkumaupima ndi maso, nkumanola nkhwangwa pa mwala wa patsinde pomwepo. Changa adayamba kufunsa mwakachetechete ngati kwa abale ake kuli malo.

Mwezi wachitatu maere adagwera Gologolo ndi Nguluwe mwini wake, zisanu ndi zitatu za dothi kwa khumi ndi zisanu ndi chimodzi za mapesi. Apa ntchito idakula. Zidole zake zidali zambiri moti kugonja kunkafuna luso kuposa kupambana, ndipo diso la Nanzikambe lidali pa iye. Adasewera bwino poyamba, nagwetsa zitatu za Nguluwe. Kawiri konse adaona njira yoyera yopita kwa wang'oma wa ndunayo, kadzanja kake nkuyabwa. Adakumbuka kuti wopambana lero sasankha mtengo, ndipo adayang'ana kwina.

Nguluwe adayamba kuyendetsa chidole chimodzi cha khutu lobenthuka m'mbali mwa thabwa. Gologolo adachita ngati wagwidwa mantha. Chidolecho chikasendera kamodzi, iye ankaitanira chake chimodzi kumudzi, kumbali yake ya thabwa, kuti chidzatchinge wang'oma. Chikasenderanso, ankaitananso china. Posakhalitsa wang'oma wake adali pakati pa chikhamu, wopanda popumira. Nguluwe adagunda kamodzi. Otchinga aja ndi amene adagwera mbuye wawo.

Nguluwe adaimirira, natembenukira mbali zonse za bwalo.

"Mwaona nonse. Zisanu ndi zitatu zagwetsa khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kodi alipo winanso amene angati ndi dothi?"

"A nduna," adatero Nanzikambe mwapang'onopang'ono, "mukutsimikiza kuti ndi luso lanu lokha limene lachita zimenezi?"

"Ndilumbire? Ndikulumbira pa manda a amayi anga. Mayiyu wamenya nkhondo ndi mphamvu zake zonse, ine ndamuposa."

Gologolo adayimba kachitatu. Mawu ake adanjenjemera kuposa kale, ndipo ulendo uno kunjenjemerako sikudali konse kwa dala. Nanzikambe adawerenga timiyala, napuma mozama, nalengeza kuti pokolola dothi lidzakhala ndi zidole zisanu ndi chimodzi, mapesi khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Woyamba kuwerenga bwino adali Nyani, munthu wamalonda.

"Zitatu kwa chimodzi," adauza Nungu. "Mapesi ndi ofooka m'manja mwa mayi uja. M'manja mwa amuna ngati ife ndi nkhani ina."

Sabata isanathe, m'minda munalibe phesi loimirira. Aliyense ankasema. Nguluwe poyamba adawanyoza, koma tsiku lina adayesera zake zisanu ndi chimodzi pa khumi ndi zisanu ndi zitatu za Nungu, paubwenzi chabe. Adalowa mwa chizolowezi chake, kuthamangira kutsogolo, ndipo mapesi adamuzinga mbali zonse nkumugogoda m'mitu mpaka adatha. Adayesanso, adagonjanso. Kachitatu adatola zidole zake, zimene adapambana nazo zaka zinayi, nakazitaya kudzala. Madzulo ake adatuma antchito a kumunda kuti amusankhire mapesi onenepa.

Mmawa mwake Changa adapeza mlamu wake akutsuka chinthu m'phale.

"Mlamu, mwayamba kutola za kudzala? Tafika pamenepo?"

"Gwirani ichi, muchipukute."

Changa adachitembenuza, naona khutu lobenthuka. Adayang'ana chidolecho, adayang'ana Gologolo, ndipo maso ake aakulu aja adakula kuposa pamenepo.

"Ine sindinaone kanthu," adatero, nayamba kupukuta.

Tsiku la mpikisano waukulu osewera adandandalika madengu awo kutsogolo kwa Nanzikambe. Adavundukula mmodzimmodzi. Nungu, mapesi. Nyani, mapesi. Onse, mapesi oyera, atsopano, onunkhira kumunda. Nguluwe adavundukula lake osayang'ana aliyense, ndipo wina kumbuyo adafunsa mokweza ngati chiboda chija chadwala. Potsiriza Gologolo adachotsa kansalu pa dengu lake. Mudali zidole zisanu ndi chimodzi za dothi, zakuda ndi thukuta la zaka.

Bwalo lidaphulika ndi phwete.

"Chaka chonse kulirira zidole, lero zachuluka nkuzisiya," adatero Nyani. "Mayiwa ali ndi tsoka la pamphumi."

Nguluwe sadaseke. "Izo ndi zanga."

"Ndinazitola kudzala, a nduna. Za kudzala zili ndi mwini?"

"Zilibe," adatero Nanzikambe. "Yambani."

Woyamba kukumana naye adali Nungu. Gologolo sadapite kutsogolo. Adaimika zidole zake kuseri kwa malo atatu aja pamene mlomo wa mng'alu udatukuka, nkumangosendeza pang'onopang'ono ngati wosadziwa chochita. Nungu adali msilikali, ndipo msilikali akaona mdani ali poyera sapirira. Adakankha chothamanga chake molunjika, chidakodwa, chidagwa. Adakankha china, chidagwa.

"Thabwali ndi lokhota," adatero Nungu, minga itaima.

"Ndi lomwe lija, a kapitawo," adatero Nanzikambe.

Zimene zidadutsa zidafika chimodzichimodzi, ndipo phesi limodzi pakati pa dothi ndi chakudya chabe. Nungu atatsala ndi zinayi, Gologolo adawoloka mng'alu pamene padali posalala, nakagwetsa wang'oma.

Wachiwiri adali Nyani. Iye adaona zimene zidachitikira mnzake, ndipo adati sathamangira. Koma zidole khumi ndi zisanu ndi zitatu sizikwana pa mzere woyambira pokhapokha zitaima phewa ndi phewa. Nyani adazisiya choncho, akunyadira kuti wamanga linga. Gologolo adatumiza chidole chimodzi pakati ngati nyambo, ndipo Nyani adatanganidwa nacho. Adazindikira mochedwa kuti china chafika kunsonga kwa mzere. Gologolo adapendeka mutu, nayeza ndi diso, nakankha. Mpanda wachiswe uja udagonanso, koma tsopano udali wa Nyani.

Nguluwe, amene adali atagonjetsa onse a mbali yake, adaonerera zonsezo. Sadali chitsiru. Adakumbuka mng'alu wa mwezi woyamba, adakumbuka mzere wa mwezi wachiwiri, ndipo ubweya wa pamsana pake udaima.

"A woyeza, ndili ndi mlandu," adatero. "Mayiyu ankagonja dala. Miyezi yonse itatu. Lamulo likuti chiyani?"

"Likuti wogonja dala achotsedwe pa thabwa moyo wake wonse," adatero Nanzikambe. "Koma pafunika mboni, mmodzi mwa amene adasewera naye."

Changa adatseka maso. Gologolo adalankhula ndi kamawu kake kaja kamene anthu ankachita kutchera khutu kuti amve.

"A kapitawo, kodi tsiku lija ndinakupatsani masewera?"

Nungu adatukumula minga. "Ine sindipatsidwa. Ndimalanda."

"A Nyani?"

"Mkono wanga bwalo lonse linauona."

"Kwatsala inu, a nduna. Mwezi watha munalumbira pa manda a amayi anu kuti ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse, inu nkundiposa. Ngati munalakwitsa, uzani bwalo kuti zisanu ndi zitatu zija sizinagwetse kanthu, ndinachita kukugonerani pansi. Mukatero ine ndichoka."

Maso onse adatembenukira kwa Nguluwe. Akadangonena mawu amodzi, mlombwa ukadakhala wake. Adatsegula pakamwa. Adayang'ana Nyani, amene adali atayamba kale kumwetulira. Adayang'ana antchito ake a kumunda, amene adawauza nkhani ya tsiku lija kosawerengeka. Adatseka pakamwa.

"Tiyeni tisewere," adatero.

Ndipo adasewera ngati katswiri. Sadathamangire pa malo otukuka. Adamwaza zidole zake msanga kuti zisaime mzere. Wang'oma wake sadamuike pakati koma kungodya ya thabwa, payekha. Kenako adayamba kusaka. Ankagunda dothi pamutu, pamene limapendekera, ndi mapesi awiri otsatizana. Chidole choyamba cha Gologolo chidagwa, chachiwiri chidagwa. Gologolo naye adagwetsa zisanu ndi zitatu za Nguluwe, koma chilichonse chimene ankataya chinkalemera katatu. Dzuwa lisanapendeke adatsala ndi ziwiri: wang'oma, amene adamubisa kuseri kwa mlomo wa mng'alu, ndi cha khutu lobenthuka chija. Nguluwe adali ndi khumi.

"Mayi, yambani kulongedza," adatero Nguluwe. "Nkhwangwa ndanola kale."

Gologolo adayamba kuyendetsa cha khutu lobenthuka m'mbali mwa thabwa, pang'onopang'ono, njira yomwe ija. Nguluwe adatumiza phesi kukachigunda, koma Gologolo adali atachitembenuza kuti mutu uloze kunja, ndipo phesilo lidadzigwetsa lokha. Adatumiza lina kwa wang'oma wa Gologolo, lidakodwa pa mng'alu. Zidatsala zisanu ndi zitatu.

Chidolecho chidasenderanso. Nguluwe ankachidziwa bwino. Adachiumba yekha, ndipo ankadziwa kulemera kwake ndi zimene chidachita zaka zinayi. Adaitanira phesi limodzi kumudzi kuti litchinge wang'oma. Limodzi lidaoneka lopepuka pamaso pa dothilo, ndiye adaitananso lina. Chidole chidasendera. Adaitananso lina.

Gologolo adali atakhala pa mpando umenewo mwezi wapitawo. Iye adachita dala, koma adamva mmene mantha amanong'onezera kuti winanso mmodzi, winanso mmodzi. Adadziwa kuti amene sakuchita dala sangaleke. Sadafulumire. Adayima kamodzi, nasuntha wang'oma wake popanda chifukwa, kuti Nguluwe apeze nthawi yoitana wotsiriza.

Pamene Nguluwe ankazindikira, ngodya ija idali itadzaza. Wang'oma wake adali kumphepete kwenikweni, kutsogolo kwake chikhamu, kumbuyo kwake kulibe thabwa. Adatambasula chiboda kuti amwaze, koma nthawi idali ya Gologolo.

Adapendeka mutu. Adakankha.

Phesi loyamba lidagwera lachiwiri, lachiwiri lidagwera awiri, ndipo chikhamu chonse chidatsamira mbuye wake. Wang'oma adapendeka, adaima pang'ono ngati akuganiza, kenako adagwera pansi pa fumbi.

Wina kumbuyo adayamba nyimbo ija ya ana a mapesi opanda fupa ndi opanda magazi, ndipo bwalo lonse lidavomera litatembenukira kwa Nguluwe. Idamveka bwino kuposa masiku onse. Gologolo yekha ndiye sadayimbe nawo. Adali kalikiliki kutolera zidole za dothi zimene zidagwa, nkumazipukuta fumbi.

"Wopambana asankhe mtengo," adatero Nanzikambe nyimbo itatha.

"Pali mbawa imene idagwa ndi mphepo chaka chatha. Simukhala munthu. A nduna ali ndi nkhwangwa yonola kale, atithandize."

Adanyamula dengu lija nakaliika pamapazi pa Nguluwe.

"Zidole zanu, a nduna. Ndi zabwino. Musamazitaye."

Anthu akubalalika, Nanzikambe adakodola Gologolo. Diso lina lidali pa iye, lina pa thabwa.

"Mayi, mlandu watha, sindikuzengani. Koma ndiuzeni, poti ntchito yanga ndi yoyeza. Chapambana lero ndi chiyani, dothi kapena dzanja?"

"Ine sindidziwa, a woyeza. Ndimangokhala panthambi."

"Miyezi itatu mapesi akugonja ine nkumawawonjezera, lero agonjanso ali ambiri. Dothi lapambana lili lochepa. Dzino ndizule kuti?"

"Ana akundidikira," adatero Gologolo, naomba m'manja mwaulemu, napita.

Adafika kumlombwa dzuwa likadalipo. Changa adali atamata kale ndi dothi lonyowa pa chizindikiro cha nkhwangwa chija.

"Mlamu, chaka chamawa mudzasewera chiyani?"

"Ndidzaona chimene atataye."

Kubwalo kuja Nanzikambe adatsala yekha ndi timiyala take. Adatambasula dzanja kuti achotse ziwiri ku dothi, nalibweza. Adalitambasula kuti awonjezere ku mapesi, nalibweza. Mpaka lero sadamalize, ndipo mukakumana naye panjira mudzaona akutukula mwendo, nkuubweza, nkuutukulanso, akuyezabe. Nguluwe naye sadakhululukire mapesi. Akalowa m'munda wa chimanga sadya kaye: amayamba wagwetsa phesi lililonse loimirira.

Nthano yanga yagwera pomwepa ngati phesi, ndipo chagwa sichidzukanso.